Kuwongola madenti ang'onoang'ono pakhomo popanda kupentanso galimoto

Mukaima kanthawi pamalo oimikapo magalimoto ku Old Town kapena ku City Centre mumzinda wa Lilongwe n'kumayang'ana m'mbali mwa magalimotowo dzuwa litapendeka, mudzaona kuti ndi ochepa kwambiri amene bodi yawo ili yosalala kuchokera kutsogolo mpaka kumbuyo. Pafupifupi galimoto iliyonse ili ndi kadenti penapake. Ina ili nako pachitseko, pamene woimika pambali anamenyetsapo chitseko chake potsika. Ina pa fenda, mbali ya bodi ya pamwamba pa tayala, pamene chigwiriro cha njinga yamoto ya kabaza chinagunda podutsa pakati pa magalimoto oima pamzere. Ina padenga, pamene panagwera mango mu Novembala. Inanso paboneti, pamene matalala a mvula zoyambirira anasiya timaenje. Ngakhale pakhomo penipeni pali mpira wa ana ndi geti yokankhidwa ndi mphepo.

Eni magalimoto ambiri mumzinda muno amangodziwa njira ziwiri. Ena amaisiya dentiyo mmene ilili mpaka maso awo atazolowera, ndipo ena amathamangira kwa owongola magalimoto ku Biwi kapena kugalaja ina iliyonse, kumene chitseko chonse chimapalidwa, kumatidwa fila (phala lodzazira maenje limene limauma gwa), kenako n'kupoperedwa penti watsopano chifukwa cha kadzenje kosaposa chivindikiro cha botolo. Komatu pali njira yachitatu, yobwezera chitsulo m'malo mwake penti osakhudzidwa, ndipo mbali ina ya njirayi munthu wodekha angathe kuichita yekha pakhonde. Chimene ndimaikondera njira imeneyi si kupulumutsa ndalama kokha, ngakhale kuti masiku ano penti ndi fila zakwera mtengo kwambiri. Chachikulu n'chakuti penti amene galimoto inatuluka naye kufakitale ndi wofunika kuposa kusalala kwa chitseko, ndipo akangopalidwa palibe mmisiri amene angamubwezeretse mmene analili.

Kufakitale bodi yonse imamizidwa m'thanki ya mankhwala oteteza dzimbiri, ndipo mphamvu ya magetsi ndiyo imachititsa kuti mankhwalawo amatirire paliponse, ngakhale m'makona mosafika dzanja. Pamwamba pake pamabwera penti woyambira, kenako wa mtundu umene timauona, ndipo pomaliza wina woonekera m'kati, amene amapereka kunyezimira ndi kuteteza mtunduwo ku dzuwa. Zonsezi zimawotchedwa mu uvuni pa kutentha koposa madigiri 130 galimoto isanaikidwe mawaya, mipando ndi mapulasitiki, chinthu chimene galaja iliyonse singachite pa galimoto yathunthu. Zigawo za penti zimenezi zonse pamodzi n'zopyapyala zedi, zongopitirira pang'ono gawo limodzi mwa magawo 10 a milimita, koma zimamatirira kolimba ndipo zimatha kupindika limodzi ndi chitsulo osang'aluka. Chitsulo chakunja cha chitseko nachonso pa magalimoto ang'onoang'ono a masiku ano sichifika milimita imodzi. Kawirikawiri chimakhala pakati pa mamilimita 0.6 ndi 0.8. Kupyapyala kumeneku ndiko kumachititsa kuti chilowe m'kati msanga, ndipo ndi komwekonso kumalola kuti chibwezedwe ndi mphamvu yochepa ya dzanja.

Ponena izi sindikupeputsa owongola magalimoto athu. Ndawaonapo akubwezera pamsewu galimoto imene aliyense ankati yatha ntchito, chonsecho akugwirira ntchito panja ndi zipangizo zochepa. Koma penti wopoperedwa pabwalo, m'fumbi la mu Seputembala, sangafanane ndi wowotchedwa mu uvuni, ndipo mitundu imene yadzaza m'misewu yathu, siliva ndi yoyera yonyezimira ija ya ma Vitz, ma Sienta, ma Passo ndi ma Axio ochokera ku Japan, ndi yovuta kuifananitsa. Chitseko chopentedwanso chimaoneka bwino tsiku lotuluka m'galaja, koma chikadutsa m'nyengo zingapo za dzuwa chimayamba kusiyana ndi chinzake. Wogula wodziwa magalimoto akachiona amayamba kukayikira kuti galimotoyo inachitapo ngozi yaikulu, ndipo mtengo amautsitsa, pamene zoona zake n'zakuti panali kadenti chabe.

Si denti iliyonse imene ingawongoledwe motere, ndipo kusankha bwino ndiko kumapulumutsa penti kuposa chipangizo chilichonse. Tsukani malowo ndi sopo, muwapukute, n'kuwayang'anitsitsa pamthunzi. Yendetsani chikhadabo pakati pa dentiyo. Ngati chikukodwa pamng'alu, kapena penti wasupuka moti chitsulo kapena penti wotuwa wapansi akuonekera, ndiye kuti nkhani yowongola popanda kupenta yathera pomwepo, chifukwa madzi adzalowa pamng'alupo ndipo dzimbiri lidzayamba kudya pansi pa penti mvula ikangoyamba. Nthawi zina chimene chikuoneka ngati kukalika chimakhala penti wa chinthu chimene chinagundacho, wongomatirira pamwamba, ndipo ameneyo amachoka ndi polishi wokhakhala pang'ono pa kansalu kofewa. Denti yoyenera kuiyesa pakhomo ndi yozungulira, yosazama, yokhala pamalo otakasuka a chitseko kapena fenda. Yokhala ndi mzere wakuthwa pansi pake, monga imene imasiyidwa ndi kona ya geti, chitsulo chake chimakhala chitatanuka kale ndipo imafuna mmisiri. N'chimodzimodzinso imene yagwera m'mphepete mwa chitseko, pamene zitsulo ziwiri zinapindiridwa pamodzi, kapena pamzere uja woyenda m'mbali mwa galimoto, chifukwa pamenepo chitsulo chinalimba kwambiri pochidinda kufakitale.

Pali funso lina limene kwa ife kuno ndi lalikulu kuposa mmene lilili kwa anthu amene amajambula mavidiyo owongola madenti a pa YouTube: kodi penti amene ali pachitsekochi ndi wa kufakitale? Magalimoto athu ambiri anayenda kale kwa zaka ku Japan, anakwera sitima mpaka ku Dar es Salaam, analowa kudzera pa Songwe, ndipo ena adutsa m'manja mwa anthu angapo kuno kwathu. Amene anasunga pepala la kumsika wa okushoni ku Japan adzapezapo chithunzi cha galimoto chokhala ndi zilembo: A amasonyeza pokalika, U pamene pali denti, W pamene panakonzedwapo kale, ndipo XX chigawo chimene chinasinthidwa. Amene alibe pepalalo atenge maginito aang'ono, monga aja omata pafiriji, awakulunge m'kansalu kopyapyala, n'kuwayendetsa mozungulira dentiyo. Pamene maginito akugwira mofooka kusiyana ndi pena paliponse, pansi pake pali fila. Timadontho ta penti pa rabala za mawindo kapena pa zogwirira chitseko timaululanso kuti chigawocho chinapoperedwapo. Fila sapindika. Mukamukankha kuchokera m'kati amang'aluka, ndipo mukamukoka ndi guluu amazuka limodzi ndi penti. Ngakhale pamene palibe fila, penti wa kugalaja samatirira kolimba ngati wa kufakitale, choncho sindilimbikitsa kumukoka ndi guluu. Maginito akakana kugwira pa chigawo chonse, ndiye kuti boneti kapena fenda imeneyo ndi ya aluminiyamu kapena pulasitiki. Aluminiyamu safuna kubwerera mmene analili ngati mmene chimachitira chitsulo wamba, ndipo si woyambira munthu amene akuphunzira.

Musanagwire chipangizo chilichonse, ndi bwino kumvetsa chimene chimachitika chitsulo chikagundidwa. Mukadina chala pamtanda wa nsima, pakati pamalowa koma m'mbali mumatukuka. Chitsulo chimachitanso chimodzimodzi. Chimene chachoka pakati sichisowa ayi, chimakankhidwira m'mbali n'kupanga kachitunda kozungulira dentiyo, kamene nthawi zambiri sikaoneka ndi maso koma ndi kamene kamaimanga kuti isabwerere. Munthu amene akungolimbana ndi pakati, kukoka ndi mphamvu zake zonse, amakhala akulimbana ndi kachitunda kameneka osadziwa, ndipo mapeto ake amatanula chitsulo. Ntchito yeniyeni ili mbali ziwiri, kutsitsa pang'onopang'ono pamene patukuka ndi kukweza pang'onopang'ono pamene palowa, mosinthanasinthana, mpaka chitsulo chitamasuka n'kuyamba kubwerera chokha.

Zimenezi sizingatheke ngati simukuona bwino chimene chikuchitika. Akatswiri a ntchito imeneyi sayang'ana chitsulo chenichenicho, koma amayang'ana chithunzithunzi cha mizere yowongoka chimene chikuonekera pa penti. Inunso mungathe kupanga chipangizo chotere popanda kugula zambiri. Tengani katoni yoyera kapena kathabwa kopakidwa zoyera, mumatepo mizere yowongoka ya tepi yakuda ija ya mawaya a magetsi, motalikirana mofanana, kenako muimike pampando chapatsogolo pa dentiyo, inu n'kukhala mbali inayo moti mukuiona mizereyo pa penti. Pamene chitsulo chili bwino mizere imaoneka yowongoka. Pamene chalowa imatalikirana n'kukhota. Pamene chatukuka imapanikizana. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo ine ndimaona kuti nthawi imene munthu amatha akusuntha katoni ndi kusintha pokhala, mpaka ataona bwinobwino pamene pali pansi penipeni pa denti ndi pamene pali kachitunda, ndi yaphindu kuposa nthawi yokoka. Padzuwa la masana simungaone kanthu, choncho gwirani ntchitoyi pakhonde kapena pamthunzi wa mtengo.

Yosavuta pa zonse ndi bampala. Mabampala a magalimoto a masiku ano ndi a pulasitiki, ndipo mukasuzumira kuseri kwake nthawi zambiri mudzapeza zilembo PP zitadindidwa, kusonyeza mtundu wa pulasitiki umene umafewa ukatenthedwa n'kulimbanso ukazizira. Kona ya bampala ikalowa m'kati koma osang'ambika, wiritsani madzi m'ketulo kapena pambaula, muwasiye kanthawi kuti aleke kubwata, ndiyeno muwathire pang'onopang'ono pa dentiyo ndi mozungulira monse mpaka pulasitiki atafewa. Mutavala magolovesi okhuthala, pisani dzanja kuseri, mwina mutamasula kaye zomangira zingapo za pulasitiki wakuda wa m'kati mwa madigadi, n'kukankha ndi chikhatho kapena ndi mtengo wobulungira wokulungidwa nsalu, kuyambira m'mbali kulowera pakati. Ikatuluka, igwireni momwemo mnzanu akuthira madzi ozizira kuti ilimbire pamalo oyenera. Samalani mawaya a nyali za m'bampala ndi timaso tija tothandiza poimika galimoto, ndipo ana akhale kutali ndi ketulo. Kawirikawiri pamatsala kamzere kofooka pamene panapindikira kwambiri, koma n'kosafunika kupentera bampala yonse.

Denti yaikulu koma yosazama, monga imene imabwera munthu akatsamira pachitseko kapena mpira ukamenya, nthawi zina imatuluka ndi chopopera cha rabala chija chotsegulira sinki yotsekeka, bola chikhale choyera kuti mchenga usakale penti. Nyowetsani chitseko ndi milomo ya chopoperacho, muchikanikize mongokwanira kuti chigwire, kenako mukoke mowongoka. Ikakana mutayesa kangapo, ndiye kuti kachitunda kaigwira, ndipo kuwonjezera mphamvu sikungathandize.

Pa intaneti pali mavidiyo ambiri oonetsa anthu akuthira madzi owira pachitseko chachitsulo, kapena akutenthetsa ndi makina owumitsira tsitsi kenako n'kupopera mpweya wozizira wa m'chitini, denti n'kutuluka yokha. Maganizo anga pa zimenezi ndinena mosabisa. Madzi owira sangafewetse chitsulo ngakhale pang'ono, ndipo kuno ku Lilongwe, kumene tili pamtunda wa mamita oposa 1,000, madzi amabwata asanafike n'komwe madigiri 100. Denti imene imatuluka m'mavidiyo otere ndi yaikulu ndi yosazama, imene ikanatulukanso ndi chikhatho. Ntchito yeniyeni ya kutentha pa chitsulo ndi kufewetsa penti kuti asang'aluke pamene chitsulo chikusuntha, ndipo kutentha kokwanira ndi kumene dzanja lingathe kukhalapo osapsa. Moto weniweni, kaya wa kandulo, wa nyuzipepala yoyatsa kapena wa gasi wowotcherera, usayandikire galimoto yanu. Umapsereza penti wapamwamba uja m'kanthawi kochepa, ndipo kuseri kwa fenda imodzi yakumbuyo kumadutsa paipi yothirira petulo.

Njira imene ndimaidalira kwambiri pa madenti a pazitseko ndi yokoka ndi guluu wotentha, chifukwa siifuna kumasula chilichonse. Pamafunika kamfuti kosungunulira guluu wa timitengo, kaja kamene okongoletsa maukwati ndi okonza mawailesi amagwiritsa ntchito, tizigwiriro tomata pa denti, ndiponso sipiliti amene amapezeka m'mafamase ndi m'mahadiweya. Tizigwiriro tapulasitiki timabwera m'mapaketi a zipangizo zokokera madenti amene anthu ena amaitanitsa kunja, ndipo m'mapaketimo mumakhalanso kachipangizo kofinya ndi dzanja kamene kamakoka mofatsa. Amene sangapeze zimenezi asataye mtima, pakuti mmisiri wa matabwa wa ku Mchesi angathe kukudulirani timitengo tobulungira tosiyana kukula, tosalala kumapeto, n'kutiboola chopingasa kuti mudutsitsemo bawuti yogwirira.

Pukutani dentiyo ndi sipiliti kuti polishi ndi mafuta zichoke, apo ayi guluu sagwira. Sankhani chigwiriro chocheperapo kusiyana ndi dentiyo, chifukwa chachikulu chimakhala pa kachitunda ka m'mbali n'kukokera zonse pamodzi. Thirani guluu wokwanira pachigwiriro, muchikhazike pakati penipeni osachikanikiza mpaka guluu yense kuthawira m'mbali, ndipo dikirani mphindi zingapo mpaka chikhadabo chitaleka kulowa mu guluuyo. Kokani mowongoka ndi motsimikiza, osapotokola ndiponso osapendeketsa. Chigwiriro chimazuka, ndipo zimenezo n'zoyembekezeka. Guluu wotsalira pa penti musamupale ndi mpeni kapena lezala. Donthezani sipiliti m'mphepete mwake ndipo adzasendeka yekha. Mukatero bwererani ku katoni ya mizere kuti muone chimene chasintha musanamatenso. Apa ndi pamene anthu ambiri amafulumira, amakoka kawiri katatu motsatizana osayang'ana, mpaka pakati patatukuka kuposa m'mbali.

Mukaona mizere itapanikizana, kaya m'mbali mwa denti kapena pakati pamene mwakokapo, nthawi yotsitsa yakwana. Tengani kamtengo kolimba, kosalala ndi kobulungira kunsonga, mukakulunge tepi, mukakhazike pachotukukacho n'kugogoda ndi chogwirira cha screwdriver, osati ndi hamala. Kugogoda kwake kukhale kopepuka moti munthu amene ali m'nyumba asamve, ndipo kuzungulire kachitunda konse m'malo mobwereza pamalo amodzi. Nthawi zambiri mudzadabwa kuona pakati pa denti pakukwera pokha chifukwa chongotsitsa m'mbali. Denti ikamachepa, chigwiriro nachonso chizichepa. Chenjezo limodzi lokha pano: guluu uja wa m'timachubu, wouma nthawi yomweyo, amene timamatira nsapato ndi ziwiya zosweka, samasuka ndi sipiliti ndipo pochoka amachoka ndi penti.

Nyengo yathu ili ndi gawo lake pa ntchito imeneyi. Mu Okutobala galimoto imene yakhala padzuwa, makamaka yakuda, imatentha moti guluu salimba, amangotanuka n'kuzuka osakoka kanthu. Ikani galimoto pamthunzi, muziziritse chitseko ndi nsalu yonyowa, muchiumitse bwino, ndiyeno muyambe. M'mawa wa mu Juni ndi Julayi vuto limakhala losiyana, chifukwa chitsulo chozizira chimaumitsa guluu asanagwire, ndipo penti wozizira sachedwa kung'aluka. Apa ndi pamene makina owumitsira tsitsi ali ndi ntchito yeniyeni. Popeza kamfuti ka guluu kamadalira magetsi, ndi nzeru kuyamba mwaona ndandanda ya kuzima kwa magetsi m'dera lanu, kuti ntchito isaimire pakati.

Pa Sienta yanga panali kadenti pachitseko chakumbuyo, kobwera ndi chigwiriro cha njinga. Ndinakachepetsa ndi njira imeneyi Loweruka lina, kukoka ndi kutsitsa mosinthana mpaka madzulo, ndipo lero kamaoneka pokhapokha munthu atawerama n'kuyang'ana chammbali. Ndinasiyira pomwepo mwadala. Kotsalako kanali kocheperapo kuposa chigwiriro changa chaching'ono kwambiri, ndipo kupitiriza kukanaika penti pachiswe chifukwa cha chinthu chimene palibe amachiona. Chitsekocho chidakali ndi penti wake wa ku Japan, ndipo mtundu wake ndi umodzi ndi fenda yoyandikana nayo.

Akatswiri enieni amakonda kukankha kuchokera kuseri ndi ndodo zachitsulo zosiyana kutalika ndi kupindika kwake. Njira imeneyi ndiyo imasalaza bwino koposa, komanso ndi yosavuta kuwononga nayo. Pakhomo ndingailimbikitse pokhapokha pamene dzanja kapena kamtengo kakufika mosavutikira: fenda yakumbuyo kudzera m'buti mutachotsa chophimba cha m'mbali, kapena pabowo la nyali yakumbuyo mutaimasula, fenda yakutsogolo kudzera m'madigadi, ndi boneti pamalo pamene palibe zitsulo zolimbitsa. Chovuta chachikulu ndi kudziwa pamene nsonga ili, popeza simukuiona. Ikulungeni tepi, muikhudzitse mopepuka kuseri n'kumaiyendetsa maso anu ali pa mizere; pamene mizere ikugwedezeka ndi pamene nsonga yafika. Kankhani pang'ono kambirimbiri, pamalo oyandikana, mukuzungulira. Kukankha kamodzi mwamphamvu kumatulutsa kansonga kosongoka kamene kamang'alula penti, ndipo kutsitsa kameneko n'kovuta kuposa denti imene munayamba nayo.

M'kati mwa chitseko muli galasi, makina olikwezera, mawaya, ndi chitsulo chopingasa choteteza okwera pangozi, ndipo pa magalimoto ena mulinso tizipangizo todziwitsa ma airbag, matumba a mpweya oteteza okwera, nthawi yoti aphulike. M'mphepete mwa denga ndi m'mizati ya magalimoto ambiri mumakhala ma airbag a m'mbali, ndipo zolumikizira mawaya ake kawirikawiri zimakhala zachikasu. Mukaona zachikasu zimenezo bwezani dzanja. N'chifukwa chake madenti a matalala a padenga, amene amakhalanso ochuluka, sindiwawerengera pa ntchito za pakhonde kupatula ngati ndi ochepa ndipo guluu angawafike. Musaboole bodi kuti mupeze polowetsa ndodo, chifukwa bowo lililonse ndi khomo la dzimbiri. Ngati mwakala kuseri kwa chitsulo, pakanipo girisi kapena penti woteteza dzimbiri musanatseke, pakuti madzi a mvula amatsikira m'kati mwa zitseko ndi m'madigadi, ndipo dzimbiri loyambira kuseri limadziwika litafika kale kunja.

Pali zizindikiro zosonyeza kuti muyenera kuleka. Mukadina malowo ndi chala n'kuona akulowa ndi kutuluka okha akulira, chitsulo chatanuka ndipo chakula kuposa malo ake; kuchibweza kumafuna luso ndi zipangizo zimene pakhomo palibe. Mukaona timizere toyera tikuyamba kuoneka pa penti, ndiye kuti watsala pang'ono kung'aluka. Mizere ya pa katoni ikayamba kuonetsa tizitunda tambirimbiri m'malo mwa dzenje limodzi, dzanja latopa kapena likufulumira, ndipo ndi bwino kupuma mpaka tsiku lina.

Denti ikabwera chifukwa chogundana ndi galimoto ina kapena njinga pamsewu, musafulumire kuiwongola. Jambulani zithunzi kaye, pafupi ndi patali, nambala ya galimoto ikuoneka. Ngati mukufuna kuti a inshulansi alipire, adzafuna kuona kuwonongekako kusanakonzedwe, ndipo kawirikawiri amafunanso lipoti la apolisi. Inshulansi ya third party, imene lamulo limafuna kuti galimoto iliyonse ikhale nayo, siilipira kuwonongeka kwa galimoto yanu. Ya comprehensive imalipira, koma pamakhala ndalama imene mwini galimoto amayamba wapereka yekha, ndipo mtengo wokonzera kadenti nthawi zambiri sufika pa ndalama imeneyo, choncho werengani pepala lanu musanasankhe chochita. Galimoto ikakhala ya kuntchito kapena yobwereka, mwini wake adziwe kaye musanaikepo guluu.

Ikakhala kuti denti yakukanikani kapena siinali yoyenera kuiyamba, pitani kugalaja mukudziwa chimene mukufuna. Funsani mmisiri ngati angathe kuiwongola kuchokera m'kati osapala penti. Alipo amene angathe, bola muwapatse nthawi ndipo mugwirizane kuti mukulipira luso la manja awo, osati kuchuluka kwa penti amene apopera. Kupenta kukakhala kosapeweka, pemphani kuti chitsulo chiwongoledwe kaye mpaka chitayandikira mmene chinalili, kuti fila akhale wopyapyala, chifukwa wokhuthala sachedwa kung'aluka ndi kugwedezeka kwa misewu yafumbi ya m'madera athu. Mutengenso nambala ya mtundu wa penti, imene imalembedwa pa kachitsulo kapena kapepala ka pamzati wa chitseko kapena m'kati mwa boneti. Pa magalimoto a Toyota, mwachitsanzo, 040 ndi yoyera wamba, 070 ndi yoyera yonyezimira, ndipo 1F7 ndi siliva. Nambala yokhayo siikwanira pa galimoto imene yakhala padzuwa kwa zaka, choncho wosakaniza penti apopere kaye pa kachidutswa kakang'ono ka lata, kaume, ndipo mukayerekeze nokha ndi chitseko choyandikana nacho panja powala, osati m'kati mwa shopu, asanayambe kupopera pa galimoto.